Chithunzi cha Phulusa Sichinathe

Bamboyo anayamba ndi makiyi, moni pambuyo. Anaima pakhomo pa chipinda changa chojambulira atavala suti yoyererako ngati akupita kukakwatira, makiyi a galimoto akuwazunguza pachala ngati mumsewu muno sitinaonepo galimoto. Kudzanja linalo anali atakulunga unyolo, ndipo kumapeto kwa unyolowo kunali galu wamkazi wotuwa, khutu limodzi logwa, mchira ataufumbata. Anandifunsa ngati ndine mayi wojambula ziweto uja. Ndinamuuza kuti awerenge chikwangwani, chili pamwamba pa mutu wake.

Ntchito yanga ndi imeneyo. Anthu amene zinthu zikuwayendera amabwera ndi agalu awo, amphaka, tsiku lina mpaka mbalame yolankhula, ine n'kuwajambulira pa chinsalu ndi penti ya mafuta kuti akakoloweke pabalaza. Ena amaseka kuti mayi wamkulu ngati ine ndizikhalira kuyang'anitsitsa mphuno ya galu. Aseke. Ana anga anakula ndi mphuno za agalu zomwezo. Anandiphunzitsa ndi malemu amuna anga, amene poyamba ankalemba zikwangwani za masitolo, mpaka anatulukira kuti munthu amanenerera mtengo wa chikwangwani koma sanenerera nkhope ya mphaka wake. Atamwalira anandisiyira mabulashi, chipinda chalendi ichi, ndi malamulo awiri.

Ine sindijambula za pafoni. Nyama imakhala ndi ine mpaka ntchito ithe, masana m'chipinda muno, ikatopa mukampanda ka kuseri komwe kuli mpopi ndi kakhola. Ndiye aliyense wobwera ndimamuuza pakhomo pomwepo asanakhale pansi. Nyama situluka muno chithunzi chisanathe. Ikamatuluka, imatuluka ndi munthu amene anabwera nayo, osati mkazi wake, osati wantchito, osati m'bale wake wa bere limodzi. Mumzinda muno agalu abwino amabedwa ngati mafoni, ndipo anthu amandisiyira ziweto zawo chifukwa cha mawu awiri amenewo basi. Tsiku lodzamveka kuti mayi uja anapereka galu kwa munthu wina, ndidzangotseka chitseko n'kukayala tomato m'mbali mwa msewu.

Bambo Makiyi, poti ndi dzina limene ndinamupatsa mumtima, anamvetsera malamulowo akumwetulira. Anandipempha kuti ndibwereze lachiwirilo. Ndinabwereza. Anati limenelo ndiye lamulo la munthu wanzeru. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti galuyo akudwala matenda a m'kati, osachiritsika, ndipo Loweruka dokotala wa ziweto amubaya jakisoni wogoneka. Akazi ake amamukonda galuyo kuposa munthu, choncho akufuna kuwapatsa chithunzi choti azimukumbukira. Ntchito zoterezi ndimazilandira kawirikawiri, moti sindinadabwe. Ndinafunsa dzina la galuyo. Anati ndizingoti galu, amamva.

Atangotuluka, galuyo analowa pansi pa tebulo la mapenti n'kudzipanikiza kukhoma. Ndinamusiya. Nyama yachilendo suyikakamiza, umangokhala pansi n'kumasakaniza mitundu ngati sukuyiona, yokha imabwera kudzanunkhiza phazi. Uyu anabwera dzuwa litapendeka. Mbale ya chakudya anaipukuta mpaka kuikankhira pakhomo. Mphuno yonyowa bwinobwino, maso oyera, ubweya wosathothoka. Ankatsimphina mwendo wakumbuyo, komanso nditamusisita m'nthiti ndinamva kachotupa kolimba ngati fupa linathyoka n'kulumikizana lokha. Ndinadziuza kuti ine si dokotala, matenda a m'kati saoneka ndi bulashi. Koma chimodzi ndinachiona. Munthu akadutsa panja makiyi akulira m'thumba, galuyo ankagwa chamimba pansi n'kutseka maso.

Khoma limodzi ndi ine kuli telala, a Singano. Si m'bale wanga, koma anali mnzawo wa malemu, ndiye timaitanana alamu. Ndi kamunthu kochepa thupi, kamantha, kokonda kundiuza kuti akadzangomaliza kulipira makina adzandikwatira. Ine ndimawayankha kuti ayambe anenepa, sindifuna kuika maliro awiri. Kuchoka mukampanda kanga kuli kageti kolowera kuseri kwa shopu yawo, koma anakhomapo loko chichokere tsiku limene kagalu ka kasitomala wanga kanatafuna mkono wa jekete la mwini. Kiyi wake amamumangirira m'chiuno pamodzi ndi tepi yoyezera. Atamuona galu wotuwayo pawaya wa kagetiko anati ameneyu ndiye asayerekeze, ali ndi maso a wakuba nsalu.

Kajambulidwe kanga n'kosasintha. Chinsalu chikadali choyera ndimayamba ndi kamakwerero kakang'ono pakona yakumunsi, chizindikiro cha malemu, chifukwa iwo ankati munthu amayamba waimika makwerero asanakwere. Kenako makala, kenako mitundu yoyamba. Ntchito ikafika pakati ndimajambula chinsalucho ndi foni n'kutumizira mwini wake kuti ngati pali chodandaula anene msanga. Bambo Makiyi nditamutumizira anayankha nthawi yomweyo kuti n'chokongola kuposa mmene ankayembekezera, ndipitirize.

Ndipo chinalidi chokongola, sindinama. Utoto wa galu ameneyu unandivuta. Si wotuwa wamba, m'munsi mwake muli kufiirira ngati moto sunazimiretu. Maso ndimamalizira, ndipo maso ake ndinawapeza Lachisanu m'mawa pamene anaiwala mantha n'kuyang'ana gulugufe pazenera. Nditaika kadontho koyera komaliza ndinaimbira mwiniwakeyo kuti chatha, abwere mawa penti igwireko. Pakamwa pangapa nthawi zina pamafulumira ngati pali ndi ngongole ndi munthu.

Masana omwewo ndikutsuka mabulashi m'palafini, galuyo anadzuka pansi pa tebulo ngati wapsa. Anakoka unyolo mpaka zitini zinagwa. Sanauwe. Ankalira kamawu kang'ono kapakhosi, thupi lonse likugwedezeka kuyambira kumchira. Pakhomo panali pataima mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga wamkazi, atavala diresi la manja aatali dzuwa lonselo, kachikwama atakakumbatira pamimba.

"Phulusa," anatero, n'kugwada pansi pa simenti yamapentiyo.

Zimene zinachitika pamenepo sindizifotokoza, aliyense amene anawetapo galu akuzidziwa. Ndinangoimirira bulashi ili m'manja. Atatha kulira ndi kunyambitidwa, anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi changa chomwe, chija chapakati, kamakwerero kali pakona. Anati kamakwereroko anakazindikira chifukwa kali pa chithunzi cha mphaka chimene chili pakhoma kwa dokotala wa ziweto, ndipo anthu a kumeneko ndiwo anamulondolera. Ndinati ndiye ndinu akazi awo a bambo aja, pepani ndi matenda a galu. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Anati galu sakudwala. Mtsikanayo anathawa kunyumba mwezi watha, usana, ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo akubisala kwa mnzake wa kuntchito. Galuyo anamulera yekha kuyambira ali kamwana, asanakwatiwe n'komwe, koma tsiku lothawalo anali atatsekeredwa mugalaja. Mwamunayo anayesa kumunyengerera, anayesa kutuma abale, zinakanika. Ndiye anamutumizira chithunzi changa, n'kumuimbira. Anamuuza mofatsa kuti akabwerera kunyumba Loweruka lisanathe, adzapeza galu ndi chithunzi chomwe. Akapanda kubwerera, adzalandira chithunzi chokha, chokulungidwa bwino, ndi kalamba ka m'khosi.

Ndinakhala pansi. Ndinayang'ana chinsalu chija, maso aja ndinawasaka sabata yonse, ndipo ndinamva nyansi ngati ndagwira chinthu chowola. Munthu kundilowera m'chipinda cha malemu amuna anga, kundimwetulira, kunditamanda, n'kutenga dzanja langali kulisandutsa chikwapu chokwapulira mwana wa eni. Ndipo ine ndili kalikiliki kusakaniza kufiirira kuti chikwapucho chikongole.

Mtsikanayo anapempha kuti ndimupatse galuyo azipita. Ndinakana. Inde, ndinakana. Ndinamuuza lamulo, ndinamuuza kuti msewu wonse umalidziwa, kuti ndikangoliphwanya kamodzi palibenso adzandisiyire ngakhale nkhuku. Ndinamuuza kuti apite kupolisi. Anaseka kuseka kopanda mano, n'kunena kuti khadi la katemera lili m'dzina la mwamunayo, nyumba ndi yake, ndipo pofika Lolemba pamene angamumvere, galu adzakhala ali m'dzenje. Sanakangane nane. Anapukuta maso, n'kusisita khutu logwa lija, n'kunena kuti wamva, palibe kanthu, mawa abwerera kunyumba.

Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni.

"Iwe mwana, mutu wako ukuyenda? Ubwerere kumpeni chifukwa cha galu? Agalu atha m'dziko muno?"

Anakwinya dzanja la diresi mpaka pachigongono, ndipo zimene ndinaona zinandikwanira. Kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pa nthiti ya galu, pa kachotupa kaja.

"Nsapato imene inathyola nthitiyi inkabwera kwa ine, amayi. Phulusa anadzandigonera pamwamba. Ndimusiye afe yekha mugalaja?"

Ndinabweza dzanja langa. Ndinkafuna kumukalipirabe, koma ndisanapeze poyambira, galuyo anagwa chamimba n'kutseka maso. Panja, chapatali pang'ono, chitseko cha galimoto chinatsekedwa. Kenako makiyi.

Chipinda changa chili ndi khomo limodzi la kumsewu, zenera lake n'lazitsulo. Ndinamasula unyolo patebulo, n'kukankhira mtsikana ndi galu kukampanda, n'kutseka chitseko cha kuseri. Ndinamenya khoma la a Singano ndi chibakera, n'kuwauza pabowo la waya wamagetsi kuti atsegule kageti msanga. Makina anasiya kulira. Anayankha kuti mlamu, muno muli nsalu za eni pansi ponse, galu ameneyo ayi. Ndinati ndikadzafa asadzabwere pamaliro anga. Makina anayambanso kulira.

Bambo Makiyi analowa akumwetulira, suti yomwe ija. Anati wadutsa pochokera kunkhomaliro, mtima sunamulole kudikira mawa, ndipo abwereranso ku ofesi kukakumana ndi akuluakulu. Anaima kutsogolo kwa chithunzi manja ali kumbuyo, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti ndili ndi dzanja lochokera kumwamba. Ndinamuuza kuti penti sinaume, abwere mawa monga tinapanganira. Anati adzanyamula mosamala, kumbuyo kwa galimoto kuli malo. Anafunsa kuti galu ali kuti. Ndinati ali kuseri, akupuma. Kuseriko kunali zii, zii wake woipa, wa munthu amene watseka galu pakamwa ndi manja.

Maso ake anayenda m'chipindamo pang'onopang'ono, pa zitini zakugwa, pa simenti, mpaka anakaima pampando. Kachikwama kaja kanali pomwepo.

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino, wokuwa ndimadziwa pomugwira. Anatola kachikwamako, n'kukanunkhiza ngati duwa, n'kukabwezera pampando bwinobwino. Anayang'ana chitseko cha kuseri n'kulankhula ndi mawu a munthu woitana mwana kuti adzadye.

"Mayi a kunyumba, tulukani. Mwatopetsa anthu."

Ndinakaima pachitsekopo. Ndinamuuza kuti kuseri kwanga salowako kasitomala. Anavomera kuti n'zoona, safuna kulowa, akungofuna katundu wake. Apa n'kuti anthu atayamba kusonkhana pakhomo, poti mumsewu muno galimoto yabwino ikaima anthu amamva fungo la nkhani. Panali wowotcherera zitsulo wa kutsidya, magalasi ake ali pamphumi, amayi awiri a musaluni, ndi mayi wina amene mphaka wake ndinali nditamulonjeza sabata yotsatira. Bambo Makiyi anatembenukira kwa iwo ngati loya. Anawafunsa ngati akudziwa malamulo a mayi ameneyu. Onse anagwedeza mitu. Anawafunsa kuti galu anabwera naye ndani. Wowotcherera anati ndi inuyo bwana, ndinakuonani. Ndiye analoza chinsalu.

"Chithunzi chatha, munandiimbira nokha. Wobwera naye ndine. Mayi, mawu anu ndi amodzi kapena ndi awiri?"

Anandigwira ndi chingwe changa chomwe. Lamulo lija anandibwerezetsa tsiku loyamba, anali akuliyeza ngati lingamukwane. Maso onse anali pa ine, makamaka a mayi wa mphaka. Kuseri ndinamva kakulira kaja kapakhosi, ndi mawu a mtsikana akuti shii, shii.

Pafupi ndi dzanja langa panali chitini cha palafini ndi bulashi yaikulu ya malemu, yolembera zikwangwani, yotambalala ngati chikhatho. Ndinaiviika. Sindinaganize nthawi yaitali, ndikanaganiza sindikanachita. Ndinaikoka kuchokera pakhutu logwa kudutsa m'maso onse awiri mpaka pakona, n'kubwerezanso chopingasa. Penti inali yaiwisi, inasungunuka ngati matope. Maso aja anatsetsereka n'kudontha pansi. Amayi a musaluni anagwira pakamwa.

"Sichinathe," ndinatero. "Galu satuluka."

Kumwetulira kunachoka. Nkhope imene inatsala ndi imene mtsikana uja ankaidziwa, ine ndinali kuiona koyamba. Anandigwira pamkono wamanja, pamfundo penipeni, n'kupotokola. Bulashi inagwa. Ankapotokola pang'onopang'ono, osafulumira, ngati munthu wodziwa pamene fupa limathera, akundiuza chapansipansi kuti nkhalamba yopanda mwamuna iziona anthu osewera nawo. Ululu unakwera mpaka m'khutu. Dzanja limeneli ndi limene limandidyetsa. Ndinaluma mano, sindinafune kumupatsa kulira kwanga.

Chitseko cha kuseri chinatseguka kumsana kwanga.

"Asiyeni. Ndikubwera, asiyeni amayiwo."

Anali ataima pamenepo unyolo uli m'manja, galu atabisala kuseri kwa miyendo yake, nkhope itafa kale ngati ya munthu amene wanyamuka ulendo. Bambo Makiyi anandisiya. Anakonza jekete, n'kuyang'ana anthu pakhomo ngati akuti mwaona, nkhani za m'banja izi. Wowotcherera anali atalowetsa phazi limodzi m'chipinda koma anaima pomwepo. Amuna a mumsewu muno amalimba mtima pa chitsulo basi. Mwamunayo anatambasula dzanja kuti alandire unyolo, ndipo mtsikanayo anayamba kulitambasula lake.

Chithunzi changa ndachiwononga, mkono wanga ukuyaka, ndiye mwana uyu akwere galimoto ija? Ndinalanda unyolowo ndi dzanja lamanzere usanafike. Tsopano galu anali m'manja mwanga, m'chipinda changa, anthu akuona. Kuseri ndinamva loko akulira, kenako kageti, kenako mawu a a Singano akunjenjemera kuti mlamu, ngati n'kudutsa adutse msanga ndisanasinthe maganizo, koma asaponde nsalu yoyerayo.

Ndinayang'ana mayi wa mphaka, chifukwa ndinkadziwa kuti pofika madzulo mawu anga akhala atazungulira mzinda wonse pa foni yake. Kenako ndinaika unyolo m'dzanja la mtsikanayo n'kulifumbatitsa.

"Lamulolo ndi langa, ndaliphwanya ndekha. Nonse mwaona, musadzavutike kunama. Iwe, tenga galu wako uzipita. Ukabwerera kwa munthu uyu ndidzakulondola ndidzakumenye ndekha."

Anazengereza. Ndinamukankha pamsana ndi chigongono mpaka anapunthwa, n'kumuponyera kachikwama kake. Mwamunayo anadumpha kuti adutse, koma pakati pa tebulo ndi khoma pamadutsa munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndinali ine. Patebulo panali chitini chachikulu cha penti yakuda ya zikwangwani, chotsegula. Ndinachinyamula ndi dzanja lamanzere mpaka pachifuwa chake. Ndinamuuza kuti penti imeneyi malemu ankalembera zikwangwani za panja, mvula ndi dzuwa siziichotsa, ndipo akasuntha phazi akakumana nawo akuluakulu akewo ali ngati khwangwala, akawafotokozere kumene anali. Penti inkagavira m'mphepete. Dontho limodzi linagwera pansapato yake.

Anayang'ana nsapatoyo. Anayang'ana suti. Munthu woti sanaope kumenya mkazi wake mpaka kuthyola galu nthiti anaopa chitini. Tinaima choncho, ine ndi iye, tikupumirana. Kudzera m'khoma ndinamva zikhadabo za galu pa simenti, mpando ukugwa, a Singano akulira kuti yoyerayo, yoyerayo, kenako chitseko chawo cha mbali ina, chotulukira kumsewu wa mabasi. Mwamunayo atazindikira anatembenuka kuti athamangire panja, koma pakhomo panali podzaza. Amayi a musaluni sanamugwire, sanamuletse, anangokhala osasuntha, aliyense akuyang'ana kumbali ngati akudikira wina. Mmene ankadzipanikiza kuti adutse n'kuzungulira mzere wonse wa mashopu, kumsewu wa mabasi kunali anthu ambirimbiri ndi utsi.

Anabweranso thukuta lili kamukamu. Anagwetsa choimikira chinsalu ndi phazi, n'kunditchula wakuba, mfiti, ndi mayina ena amene sindilemba. Anati ndidzamudziwa. Ndinamuuza kuti ndamudziwa kale, atenge chithunzi chake azipita. Anachisiya.

Apolisi anabweradi tsiku lotsatira, awiri. Anaona mkono wanga utatupa ngati chigubu, anamva za wowotcherera, amene pakamwa pake panatseguka bwino mwamunayo kulibe, ndipo analemba zolemba zawo n'kumapita. Koma mawu anayenda monga ndinadziwira. Mayi wa mphaka sanabwere naye mphaka wake. Bambo wina amene ndinkamujambulira agalu ake chaka ndi chaka anatumiza uthenga woti aona kaye. Eni nyumba anabwera kudzandiuza kuti phokoso lina likadzamveka ndidzasamuke. Kwa milungu ingapo bulashi ndinkaigwira ngati khasu, mzere wowongoka osatheka, ndipo mpaka lero kukazizira mfundoyi imandikumbutsa. A Singano anandibweretsera nsalu yoyera ija ili ndi mapazi anayi a matope, n'kunena kuti ukwati wathu auimitsa kaye. Ndinawachapira ndi dzanja limodzi.

Anthu ena amandifunsa ngati malamulo aja alipobe. Ndimawauza kuti alipo, ndinaphwanya kamodzi anthu akuona, ndipo amene sakukhutira pali ojambula za pafoni ambirimbiri. Ena amatembenuka ndi agalu awo. Ena amakhala pansi.

Mtsikana uja anaimba patapita nthawi, pa nambala yachilendo. Sananene kumene ali, ndipo ndinamuletsa kunena. Anati ali kutali, wapeza kachipinda ndi kantchito, sanabwerere ndipo sabwerera. Kumbuyo kwake ndinkamva galu akuuwa, kuuwa kwenikweni kotsegula pakamwa, kumene sindinakumvepo sabata yonse ija anakhala pansi pa tebulo langa. Anati akuuwa njinga yodutsa. Kenako anayamba kupepesa za mkono, za makasitomala, n'kunena kuti zinthu zikadzayenda akufuna ndidzamujambulirenso Phulusa.

"Uli ndi galu wamoyo, chithunzi n'chachiyani? Kamupatse madzi, ndikumumva kukhosi kwauma."

Chinsalu chija ndinachipala ndi mpeni, n'kuchipaka yoyera kawiri. Zinsalu zakwera mtengo, sindingataye. Pano pali mphaka wonenepa wa mayi wina wa kubanki, wamaso aulesi, amene sanagonerepo munthu pamwamba chibadwire. Kamakwerero kokha pakona ndi kakale komwe kaja.